Thanthwe Lili Pafupi, Thandizo Lili Kutali: Za Kukwera Miyala ku Mchinji

Msewu wa M12 ukachoka mu Lilongwe umayenda m'dziko lathyathyathya, kudutsa Namitete ndi Kamwendo, minda ya fodya, mtedza ndi soya ili uku ndi uku, mpaka mapiri a Mchinji atatulukira kutsogolo. Boma lenilenilo, lomwe atsamunda ankalitchula kuti Fort Manning, linamangidwa patsinde pa mapiriwa, makilomita pafupifupi 110 kuchokera ku likulu ndi 12 okha kukafika pa chipata cha malire ndi Zambia. Kutsidya, mzinda wa Chipata nawo wakhala pakati pa zitunda. Wokhala m'matawuni awiriwa safunika ulendo wautali kuti akagwire mwala: kabaza angamutule poyambira kanjira kokwera phiri dzuwa lisanayambe kuswa mtengo.

Kuyandikira kumeneku ndi komwe kumanyenga. Achinyamata akaona pa foni anzawo atalendewera pa thanthwe ndi zingwe zamitundumitundu, amapangana za Loweruka likubwerali. Akafika pamwamba amaona madenga a malata pansipa, amamva nyimbo za pamsika ndi kulira kwa chigayo, mtima n'kumawauza kuti ali pakhomo. Chonsecho munthu wothyoka msana patsinde pa thanthwe, m'tchire losafika galimoto, amatha maola ambiri asanaonane ndi dokotala, ngakhale chipatala chikuonekera poteropo.

Anthu a ku Mchinji si alendo kuphiri. Amayi amakwera kukatola nkhuni, a mipingo amakagonako kusala kudya ndi kupemphera, ana a sukulu amapitako ndi aphunzitsi awo, anyamata oweta mbuzi amathamanga pa miyala yoterera opanda nsapato. Onsewa amafunafuna njira yosavuta yokafikira pamwamba. Masewero tikukamba pano amachita zosiyana: amasankha dala mbali yoongoka ya mwala, yomwe munthu wanzeru zake amailambalala, n'kuikwera ndi zala ndi nsonga za mapazi. M'Malawi muno anayambira ku Mulanje. Khoma la kumadzulo kwa nsonga ya Chambe, lotalika mamita pafupifupi 1,700, limatchulidwa kawirikawiri kuti ndilo lalitali koposa mu Africa kwa okwera matanthwe, ndipo buku la Frank Eastwood lofotokoza njira za m'phiri la Mulanje linatuluka mu 1979. Kwa zaka zambiri awa anali masewero a azungu, ife ntchito yathu inali kusenza katundu wawo. Zinthu zayamba kusintha. Ku Lilongwe kuli bungwe la Climb Malawi, lomwe linamanga khoma lophunzirirapo ndipo limatengera achinyamata ku matanthwe enieni monga a ku Mulundi m'boma la Dedza. Kunja nako masewerowa analowa mu mpikisano wa Olympics wa ku Tokyo, womwe unachitika mu 2021.

Mchinji sanatchuke pa nkhani imeneyi. Wopita ku Mulundi amapeza njira zoti ena anaziyesa kale, pomwe wofuna kukwera kuno ayenera kudziyankhira yekha mafunso omwe kwina anayankhidwa zaka zapitazo.

Loyamba ndi lakuti mukufuna kukwera motani, pakuti makweredwe alipo angapo ndipo kuopsa kwake n'kosiyana. Pali kukwera miyala ifupiifupi, ya mamita anayi kapena asanu, popanda chingwe, pansi mutayala matiresi ochindikala, mnzanu ataima kumbuyo manja ali m'mwamba kuti mukagwa mutu usakagunde pansi. Pali kukwera chingwe chitamangidwa kale pamwamba: wina amazungulira pa njira ya miyendo, n'kukachikoleka pa malo olimba, nsonga ziwiri n'kugwera pansi, ina kwa wokwera ina kwa wogwira. Woterereka apa amangolendewera pomwe analipo. Ndiye pali makweredwe a akatswiri, pomwe wokwera amatsogola chingwe chili pambuyo pake, akuchikoleka m'zitsulo pamene akukwera. Akaphonya amagwa kuwirikiza kawiri mtunda womwe wadutsa chitsulo chomaliza, kuwonjezapo kutamuka kwa chingwe. Ine ndikuona kuti gulu la ku Mchinji lomwe mulibe munthu wophunzitsidwa liyambire pa miyala ifupiifupi basi, ndipo awiri kapena atatu akwere minibasi kupita ku Lilongwe kukaphunzira zingwe m'manja mwa odziwa. Kanema wa pa YouTube amakuonetsani mfundo, koma sangakuuzeni kuti yanuyo mwaimanga molakwika.

Musanaganize za chingwe, funsani kuti mwalawo ndi wa yani. Kuno kulibe thanthwe lopanda mwini. Mbali yaikulu ya mapiriwa ili m'nkhalango yotetezedwa ya boma, komwe kumachokera mtsinje wa Bua, ndipo kulowamo kumafuna chilolezo cha a zankhalango. Ofesi yawo ili pa boma pomwepo, kupitako Lachitatu kukanena za ulendo wa Loweruka si ntchito yolemetsa. Zitunda zina zili pa malo a mafumu, m'madera a Inkosi Zulu, Mlonyeni, Mkanda ndi ena. Zina zayandikana ndi malo a mishoni, monga ku Kachebere, komwe ansembe a chipani cha White Fathers anakhazikika mu 1903 ndipo lero kuli seminale patsinde pa phiri, pafupi kwambiri ndi malire.

Kwa nyakwawa simupita ndi chipewa kumutu. Mumakhala pansi, mumapereka moni, kenako mmodzi yekha n'kuyankhula: "Zikomo a mfumu, ndife ana anu a pa boma. Timati tikasewere pa mwala uli kuseri kwa mudzi wanuwu, ndiye tati tisalowe ngati akuba, mutipatse njira." Nthawi zambiri yankho limabwera ndi malangizo omwe simukanawapeza pa mapu aliwonse: "Pitani ana anga, koma mbali ya kumitengo ikuluikuluyo musafikeko." Musafunse chifukwa. M'dera la Achewa kankhalango kosadulidwa pakati pa minda kamakhala manda, ndipo kumanda n'kumene kuli dambwe. Wosalowa Gule akasochererako, tsiku lake la masewero lathera pomwepo, mlandu wake n'kudya mbuzi kapena nkhuku. Pempho lomwelo limakupatsaninso mnyamata wa m'mudzimo wokuperekezani, amene mumupatse kangachepe koyenera, osati botolo la fanta lokha.

Pali chifukwa china chosalumphira mfumu, ndipo n'cholemera. Anthu asanu achilendo, atavala zipewa zolimba, atasenza zikwama zodzaza zingwe ndi zitsulo, akugogoda miyala kuseri kwa mudzi, amaoneka ngati ofufuza miyala ya mtengo wapatali kapena oyeza malo oti alande. Tonse tikukumbukira za 2017, pomwe mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, anthu osalakwa n'kuphedwa chifukwa chongokhala achilendo. Mfumu ikadziwa, mudzi wonse wadziwa, ndipo ana omwe akanathawa akukuwa amabwera kudzaonerera.

Malire nawo ali m'phiri momwemo. Mzere wolekanitsa Malawi ndi Zambia m'chigawo chino umatsata msana wa mtunda, pomwe madzi ena amatsikira ku Luangwa ena kulowera ku Nyanja ya Malawi. Mungakwere mbali ya kuno, n'kutsikira mbali inayo osadziwa kuti mwalowa m'dziko la eni. Anthu a m'midzi ya m'malire amadutsa tsiku ndi tsiku kupita kumunda, kumaliro ndi kuchigayo, koma inu ndi zikwama zanu simungadzitchule kuti mukupita kumunda. Wofuna kukayesa zitunda za ku Chipata, monga Kanjala, adutse pa chipata cha Mchinji ndi Mwami, chomwe kuyambira mu December 2022 chimagwira ntchito za mayiko onse awiri pamalo amodzi, ndipo atenge pasipoti kapena chiphaso cha m'malire.

Chinthu chomwe wokwera amachikonda kwambiri, mwala wopendekera kutsogolo wokhala ndi phanga kunsi kwake, ndi chomwenso makolo ankachikonda. Mapanga otere ndiwo ankajambulamo. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, omwe UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006: zofiira za Akafula, ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi Nyau. Kutsidya kwa malire kulinso mapanga otere a Thandwe ndi Kalemba, omwe David Phillipson anakumbamo m'zaka za m'ma 1970. Mchinji ali pakati pa malo amenewa, m'dziko la anthu omwewo. Mukaona timizere tofiira kapena madontho oyera ozilala pansi pa mwala, chokanipo mukasake wina. Choko chomwe okwera amapaka m'manja kuti thukuta lisawaterereketse chimadetsa zojambulazo, ndipo nsapato imafafaniza m'masana amodzi chomwe chakhalapo zaka mazanamazana. Za kulemba dzina lanu ndi la chibwenzi chanu ndi penti ndisachite kunena.

Tsopano mwala weniweniwo. Matanthwe a m'chigawo chapakati ndi a mtundu wolimba, okhakhala bwino pogwira, koma ali ndi khalidwe limodzi loipa: amasendeka. Kutentha kwa masana ndi kuzizira kwa usiku, pamodzi ndi madzi olowa m'ming'alu, zimalekanitsa chikhungwa cha pamwamba ndi thupi la mwala. Chibanthu chachikulu ngati chitseko chimatha kuoneka cholimba chili chongotsamira. Musanachidalire, chimenyeni ndi chikhatho. Mwala wamoyo umayankha mogonthera, dzanja n'kumva kuwawa. Wosendeka umalira ngati ng'oma, nthawi zina mumamva ukunjenjemera pansi pa dzanja linalo. Umenewo usiyeni, ndipo auzeni ali pansi achoke pamzere wake.

Thanthwe la pafupi ndi tawuni lili ndi mavuto ake omwe la kutchire lilibe. Oswa miyala yomangira nyumba amasonkha moto pamwala kuti ung'ambike, ndipo amasiya zibanthu zolendewera zomwe sanazimalize. Otentha makala amadula mitengo ikuluikulu ya pamwamba, yomwe ikanakhala pomangirira chingwe, n'kusiya ziphukira zomera pa zitsa zowola mkati. Mtengo womangirapo moyo wa munthu uyenera kukhala wamoyo, wonenepa kuposa ntchafu, mizu yake italowa m'nthaka yeniyeni, ndipo ngakhale utero mumamanga pawiri, pa mitengo iwiri kapena pamtengo ndi pamwala. Phiri lometedwa mpala limasunthanso. Anthu a ku Chilobwe ndi Manja mu Blantyre anaona mu March 2023, nthawi ya namondwe Freddy, miyala ikuluikulu ikutsika m'phiri la Soche pamodzi ndi matope. Mvula yamphamvu ikangodutsa, mwala womwe munaudalira chaka chatha muuyesenso.

Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka August. Dzinja mwala umamera ndere, umaterera, ndipo mphenzi imakonda pamwamba pa zitunda. October ndi November thanthwe limatentha moti pofika 10 koloko simungaliike dzanja. Koma miyezi yozizirayo ili ndi zake. Ndi nthawi yomwe chitedze chakhwima, ndipo chimakonda kuyanga m'tchire la patsinde pa miyala, pomwe mumaika zikwama. Chikalowa m'chingwe ndi m'malaya, wokwera amayamba kukanda ali m'mwamba, wogwira chingwe nayenso akukanda pansi. N'zoseketsa kuzimva, koma dzanja lokanda ndi lomwe limayenera kukhala pa chingwe. Kuyambira August moto wa osaka mbewa umayamba, ndipo moto umathamanga pokwera phiri kuposa munthu. Mu June dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, choncho gulu lomwe lanyamuka pa boma masana litsikira mu mdima.

Anthu amaopa njoka, ndipo n'zoona kuti mphiri imawothera dzuwa m'tinjira ndipo mamba amabisala m'ming'alu. Koma choopsa kwambiri kwa munthu womangidwa pa chingwe ndi njuchi ndi mavu. Njoka nthawi zambiri imathawa, njuchi zimatsata, ndipo uli pakati pa thanthwe ulibe kothawira. Musanakwere, khalani pansi mphindi zingapo mukuyang'ana mng'alu uliwonse ngati pali tizilombo tolowa ndi kutuluka. Mnyamata wokuperekezani uja amadziwa pomwe anthu amafula uchi, mufunseni. Wina akalumidwa ndi njoka, osatema pabalapo, osayamwa, osamanga mwendo ndi lamba mothina. Agone, asayendeyende, anyamulidwe kupita kuchipatala.

Za zipangizo ndi pomwe umphawi wathu umatiyesa. Chingwe cha buluu chogulitsidwa pamsika, chomangira katundu pa lole kapena ng'ombe pa chikhomo, chimaoneka cholimba, ndipo mwina chinganyamule matumba a chimanga. Koma kugwa si kunyamula. Chingwe chokwerera matanthwe, chomwe chimakhala cha mamita 60 kapena 70 ndi kunenepa kwa mamilimita 9 mpaka 10, anachipanga kuti chizitamuka. Pa kugwa kwakukulu chimatalika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo kutamuka kumeneko ndi komwe kumamwa mphamvu ya kugwako pang'onopang'ono. Chingwe chosatamuka chimamuimitsa munthu kamodzin'kamodzi, mphamvu yonse n'kuthera m'chiuno ndi mumsana, kapena kuzula chomwe mwamangirirapo. Ngowe zachitsulo zotchedwa carabiner zenizeni zimalembedwa mphamvu yake m'mbali, 20 kN kapena kuposa, kutanthauza kulemera kwa matani awiri, pamodzi ndi chizindikiro cha CE kapena UIAA. Zija zokolekera makiyi zimafanana nazo maonekedwe okha.

Pa kaunjika nthawi zina pamapezeka lamba wa m'chiuno ndi m'ntchafu, yemwe okwera amati harness, ngakhale nsapato zokwerera. Nsapatozo gulani, mwapeza mwayi. Lambayo musiyeni. Simudziwa zaka zake, simudziwa ngati anakhalapo padzuwa miyezi kapena anakhudzana ndi asidi wa batire, yemwe amadya ulusi mkati kunja kukuoneka bwinobwino. Opanga zinthuzi amati ngakhale zosagwiritsidwa ntchito zitayidwe zikatha zaka khumi. Chipewa cholimba n'chofunika kwa wogwira chingwe kuposa wokwera, chifukwa timiyala tonse togumuka timatsikira pa iye. Pa miyala ifupiifupi, matiresi a kunyumba ndi ofewa mopitirira, phazi limaboola n'kukagunda pansi, choncho muwaphatikize awiri ndipo muyambe mwachotsa zitsa ndi miyala yosongoka pomwe mugwere.

Zipangizo zikhale zabwino chotani, ngozi zambiri zimachokera m'manja mwa anthu. Taonani awiri aima patsinde. Wokwera wamanga mfundo yooneka ngati nambala 8 pa lamba wake. Asananyamule phazi, mnzake amaigwira, n'kuwerenga kuti zingwe zayenda ziwiriziwiri paliponse ndipo kamchira kotsala n'kotalika kuposa chikhatho. Wokwera naye amayang'ana ngati chingwe chalowa bwino m'kachitsulo kogwirira ndiponso ngati carabiner yatsekedwa. Amaonanso kuti kunsonga ina ya chingwe kuli mfundo, kuti chisapulumuke chikafupika. Kenako mawu: "Aise, wandigwira?" "Ndakugwira, kwera." Mawuwa mupangane musanayambe, akhale ochepa ndi osafanana kamvekedwe: "koka", "masula", "nditsitse", ndi "mwala!" wofuula pomwe kanthu kagwa. Mphepo ya June ikamawomba, chiganizo chachitali chimafika theka. Ndipo wogwira chingwe sayankha foni, sajambula, sacheza ndi ana odzaonerera. Dzanja lake la kumunsi silichoka pa chingwe ngakhale ntchentche itamutera pamphuno. Mnzanu amene mumamudziwa kuti sachedwa kutengeka ndi nkhani, kapena wafika akununkha za dzulo, mupatseni ntchito yosunga madzi.

Gulu labwino ndi la anthu anayi mpaka asanu ndi mmodzi. Awiri okha n'ngochepa: mmodzi akavulala, winayo asankhe pakati pa kukhala naye ndi kuthamangira thandizo. Khumi ndi awiri ndi phwando, ndipo paphwando aliyense amayesa kuti mfundo waiona mnzake.

Funso lomwe magulu ambiri salifunsa ndi ili: wina akagwa pano, timutsitsa bwanji? Helikopita musaiyembekezere. Omwe adzanyamule machira ndi inu nomwe pamodzi ndi anthu a m'mudzi mwa mfumu ija munaipatsa moni m'mawa. Yendani kanjira kochokera pa thanthwe kukafika pomwe galimoto ingaime, mukuganiza kuti mwanyamula munthu wamkulu. Khalani ndi nambala ya woyendetsa galimoto amene wavomera kudzuka mukamuimbira, chifukwa woganiziridwa kuti wavulala khosi kapena msana sakwezedwa pa njinga yamoto, ndipo sasunthidwa mutu usanagwiridwe kuti usagwedezeke. Yesani foni muli patsinde penipeni pa mwala, osati pamsewu: m'mapiri a m'malire netiweki imatha kusowa kuseri kwa chitunda, kapena foni n'kugwira ya ku Zambia, mayunitsi n'kutha musanamalize kulongosola pomwe muli. Chipatala cha boma cha Mchinji chimalandira ovulala, koma fupa lothyoka moipa kapena bala la m'mutu zimatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe kulinso chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION. Pamenepo muwerengere maola ena awiri a pamsewu pamwamba pa omwe mwatha kutsika phiri. Kunyumba musiye mawu: tapita ku mwala wakuti, kudzera mudzi wakuti, ikakwana 5 koloko tisanabwere muyambe kutifunafuna. Madzi malita awiri kapena atatu munthu aliyense, tochi, bandeji ndi chitenje cholimba zilowe m'chikwama chingwe chisanalowe.

Gulu likazolowera, tsiku lina wina adzabweretsa maganizo oboola mwala n'kuikamo mabawuti okhalitsa, monga zilili ku matanthwe otchuka. Apa m'pofunika kudekha. Bowo silitsekeka, choncho mwini malo, kaya ndi a zankhalango, mfumu kapena ansembe, ayenera kuvomera akudziwa bwino chomwe chikuchitika. Bawuti ya ku hadiweya imachita dzimbiri mkati mwa mwala momwe diso silifika, ndipo wodzakwera zaka zisanu zikubwerazo adzaidalira osadziwa amene anaiika. Zoyenera ndi za chitsulo chosachita dzimbiri, zoikidwa ndi munthu amene anaphunzira ntchitoyo. Pafupi ndi tawuni palinso ogula zitsulo zakutha, ndipo chilichonse chonyezimira chofikirika ndi sipanala chimayenda. Choncho ngakhale pa njira yomwe munaikonza nokha mwezi watha, mmodzi azungulire kaye kukaona pamwamba ngati zonse zilipo, wina asanamange mfundo pansi.